Chitoliro chada bii ndipo manoti a m'munsi akukana, ndichikweche?

Wa Kwaya ku Matawale

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndimakhala ku Matawale kuno ku Zomba, ndipo kutchalitchi kwathu ndimatsogolera kwaya ya achinyamata. Ndabwera ndi nkhani ya chitoliro, mwina pali wina amene anachigwirapo nthawi yaitali kuposa ine.

Chaka chatha azakhali anga, amene akhala zaka zambiri ku Johannesburg, anabwerera kumudzi. M'katundu wawo munali timabokosi tiwiri takuda. M'kakakulu munali chitoliro chachitsulo chija cha zigawo zitatu, choimba mopingasa, ndipo m'kakang'ono munali pikolo, kachitoliro kakang'ono ka mawu okwera, yamtengo wakuda. Zinali za malemu amuna awo. Anangondipatsa nati, "Tenga mwanawe, kwanga kuno zingodyedwa ndi mphemvu." Ine ndinaphunzirako rekoda, kachitoliro kaja koimba mowongoka, ndili ku koleji, ndiye zala sizinandivute kwenikweni, kwinako ndakhala ndikutolatola pa YouTube usiku ana akagona. Pofika Khirisimasi ndinali nditayamba kuperekeza kwaya m'nyimbo ziwiri zitatu, azimayi a kutsogolo n'kumalulutira.

Lamulungu lapitali ndinachita manyazi osaneneka. Nyimbo ya chopereka imayamba ndi ine ndekha, pa D wa m'munsi. Ndauzira, fuuu. Ndauziranso, fuuu, ngati mwana akuuzira m'botolo. Tchalitchi chonse zii, kudikira ine. Mnyamata wa kiyibodi anangoyamba yekha kuti andipulumutse. Nditafika kunyumba ndinayesa bwinobwino: manoti a m'mwamba akutuluka ndithu ngakhale mosasa, koma kuyambira E kutsika m'munsi ndi ndewu. Kuwonjezera apo makiyi awiri atatu akumamata, ukachotsa chala umamva "tcha, tcha", ndipo kiyi wina wamng'ono chakumtunda anayamba kulendewera mwezi watha, ndinangomumanga ndi kalabala komangira ndalama.

Maonekedwe nawo ndi ena. Chinabwera chikunyezimira, pano chada, makamaka pakati pa makiyi, ndipo pamene panadutsa kalabala kaja pali mzere wakuda bii. Mchimwene wanga akuti ndimupatse achikweche ndi Brasso, kapena mankhwala otsukira mano ndi phulusa monga amachitira ndi mphete yake. Polumikizira mutu ndi thunthu panayamba kulimba, ndinapakapo Vaseline. Masiku atatu oyamba zinali bwino, lero pakutuluka zakuda ndipo pakulimba kuposa kale.

Pikoloyo sindiimba kawirikawiri chifukwa ana amati ikuwaboola makutu, koma dzana nditaitulutsa ndinaona kamzere kopyapyala ngati tsitsi pamutu pake, kuchokera pa mkombero wachitsulo kulowera chakubowo louzira. Kaya ndi mmene mtengowo ulili kaya yang'aluka, mundiuze ndinu.

Ndichikweche kodi? Nanga manoti angawa apita kuti? Azakhali akubwera kudzacheza pa Pasaka ndipo anena kale kuti akufuna kudzamva nyimbo imene malemu ankaikonda.

Madala a Bandi, Mpondabwino

Mayi mphunzitsi, choyamba Brassoyo mubise, ndipo mchimwene wanuyo mumuuze kuti chitoliro si poto. Ndafulumira kulemba izi poopa kuti mwina wayamba kale.

Ine ndaimba chitoliro ndi pikolo mu bandi zaka zoposa 20 ndisanapume. Ndinakopeka ndili kamnyamata, nthawi imene Zomba inali likulu la dziko, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Tinkathamangira bandi ikamadutsa mumsewu, anzanga maso ali pa ching'oma chachikulu, ine maso pa munthu wa kakang'ono kaja komveka pamwamba pa malipenga onse. M'zaka zonsezo, zitoliro zomwe ndaziona zitafa sizinafe ndi kuimbidwa ayi. Zinafera m'manja mwa anthu akhama, uyu wokwecha, uyu wothira mafuta, uyu womanga masikuluwu.

Kuda kumene mukukuonako si matenda. Zitoliro zambiri za ophunzira ndi zachitsulo china, n'kuzikuta siliva wopyapyala kwambiri pamwamba. Siliva akakumana ndi sulufule amada, ndipo sulufule ali mumpweya, m'thukuta, m'mazira, mu anyezi, ndiponso mu labala. Mzere wakudawo mwalemba nokha ndi kalabala kanu. Chitoliro chakuda chimalira chimodzimodzi ndi chonyezimira, khutu silisiyanitsa. Koma Brasso, phulusa ndi mankhwala a mano zimapala. Mukakwecha kangapo siliva uja atha, zotsalira zake zilowa pansi pa makiyi n'kuwononga mapadi (timapilo totseka mabowo), zina zilowa m'timipiringidzo momwe makiyi amazungulira n'kumakukuta mkati ngati mchenga m'habu ya njinga. Chimene mungachite n'kutenga kansalu kofewa kouma, monga kopukutira magalasi a maso, n'kupukuta malo osalala mukatha kuimba kuti thukuta lisagonepo. Pakati pa makiyi musalowetse nsalu, ikola sipuling'i kapena kukhadzula mphepete mwa padi. Pasiyeni pade choncho.

Manoti anu sanapite kutali, akuthawira pa bowo lina. Tembenuzani chitolirocho muyang'ane kunsi kwa kiyi aliyense. Muona kapilo koyera kapena kachikasu, ndiye padi imeneyo. Mkati mwake ndi nsalu yaubweya yokhuthala, kunja ndi kachikopa kopyapyala ngati khungu la anyezi. Kuti D wa m'munsi alire, pafupifupi mabowo onse kuyambira kumtunda ayenera kutsekeka ndithu. Padi imodzi ikasiya kampata kolowa tsitsi limodzi, mpweya umatulukira pomwepo, ndipo oyamba kufa ndi manoti a m'munsi, a m'mwamba n'kumalimbikirabe mosasa monga mwanenera. Amene anakonza chitoliro cha mtundu umenewu, Theobald Boehm wa ku Munich, mu 1847 anaika mabowo akuluakulu pamalo amene mawu amafuna, osati pamene zala zimafika, n'kuika makiyi oti azitseka m'malo mwa zala. Mawu anakoma zedi, koma kuyambira pamenepo moyo wa chitoliro unakhala pa timapilo timeneti.

Tsono kiyi wolendewerayo ndiye ndikumukayikira kwambiri. Pa chitoliro pali makiyi anayi amene amakhala otseka nthawi zonse mpaka mutawadina: awiri ang'onoang'ono akumtunda a trill (osinthira manoti awiri mofulumira), wa G# pakati, ndi wa D# kuphazi. Chimene chimawagwira kuti atseke ndi sipuling'i. Ngati wanuyo ndi mmodzi mwa awiri akumtundawo, sipuling'i yake yachoka pamalo, ndipo kalabala kaja kakamafooka iye akutseguka pang'onopang'ono. Bowo lakumtunda likamataya mpweya, zonse za m'munsi mwake zimavutika ngakhale zilibe mlandu.

Za kumatako ndikufunseni, pa pulakatisi ya Loweruka mumamwa chiyani? Tiyi wa shuga, Sobo, thobwa, nzimbe, zonsezi zimatsalira m'kamwa, mpweya n'kuzitengera pa mapadi. Muzichukucha m'kamwa ndi madzi musanaimbe. Amene amata kalewo, pezani pepala lopyapyala lija lopichirira fodya, mudule mbali ya zomatira, muliike pansi pa kiyi, mudine mofatsa kangapo, mutsegule kiyi, kenako muchotse pepala. Musalikoke kiyi ali wodinidwa. Ambiri amakoka, ena mpaka ndi ndalama yapepala yodutsa m'manja a anthu ogulitsa usipa, n'kumadabwa kachikopa katang'ambika. Pawuda musathire. Lero usiya kumata, mawa upanga phala.

Vaseline chotsani lero lomwe. Polumikizira pa chitoliro ndi chitsulo pa chitsulo, anapapanga kuti pazilowana pouma. Mafuta amagwira fumbi, fumbilo n'kumakanda, ndipo zakuda mukuzionazo ndi zimenezo. Pukutani ndi kansalu koyera mbali zonse ziwiri, kunja kwa cholowa ndi mkati mwa cholandira. Mukhoza kudonthezera sipiliti pang'ono pa nsaluyo, bola isayandikire mapadi. Polumikiza muzigwira pamene palibe makiyi, mulowetse mowongoka mukupotoza pang'onopang'ono, osagwedezera uku ndi uku ngati mukuzula chinangwa.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi madzi. Mpweya wathu ndi wofunda ndi wachinyontho, chitsulo n'chozizira, ndiye mkati mumachita mame. Anthu amati ndi malovu, koma ambiri mwa madziwo ndi mame omwewo. Mukatha kuimba, ngakhale nyimbo imodzi yokha, phwasulani zigawo zonse zitatu. M'bokosimo muyenera kukhala kandodo kokhala ndi diso ngati singano. Lowetsani kansalu kopyapyala ka thonje m'disomo, kutani nsonga ya kandodoko kuti isakande mkati, n'kupukuta chigawo chilichonse. Kansalu konyowako musakatsekere m'bokosi limodzi ndi chitoliro, kayanikeni padera. Kuno ku Zomba nyengo ino ya mvula nsapato imachita chuku itangokhala sabata imodzi pansi pa bedi, nanga kapilo kaubweya kogona ndi nsalu yonyowa? Padi ikanyowa imatupa, ikauma imakhwinyata, ndipo ikachita zimenezi kambirimbiri sikhalanso bwino pa bowo lake. M'bokosimo musaikemonso pensulo kapena pepala la nyimbo lopindapinda, chivindikiro chikatseka zimatsindira makiyi. Pa benchi ya kutchalitchi musachisiye cholumikiza mukapita kukalandira mgonero, alipo amene amakhala pansi asanayang'ane.

Pikoloyo musaiimbe kaye. Ndili ndi nkhani yake yowawa, koma maso atopa ndi kafoni aka. Ndibweranso.

Wokonza Mafoni pa Msika

Achemwali, madala anena za anthu akhama omanga masikuluwu, ndipo ndamva ngati anditchula dzina. Ndiulule.

Zaka zitatu zapitazo kasitomala wanga wina anabwera ndi chitoliro cha mwana wake pa benchi yanga, akuti noti imodzi ikuvuta, poti ine ndili ndi timasikuludilaiva ting'onoting'ono ndiyang'aneko. Ine mwamatama ndinati zimenezi n'zochepa, tsiku lililonse ndimatsegula mafoni okwera mtengo kuposa kachitsulo aka. Nditayang'ana ndinaona timasikuluwu tingapo pamwamba pa makiyi tili ngati tosamanga mpaka kumapeto. Ndinati vuto ndi limeneli, ndinatimanga tonse gwa. Mwanayo atauzira, noti imodzi yovuta ija inasanduka theka la chitoliro.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti masikuluwu a pa chitoliro ali mitundu iwiri. Ena ali kumapeto kwa timipiringidzo, amagwira makiyi kuti asagwe, ndipo ngakhale amenewo ukawamanga kwambiri kiyi amauma, sabwerera. Enawo, tating'ono tija ndinamanga ine, si omangira ayi, ndi oyezera. Mukadina kiyi wa F muona kuti kiyi wina wakumtunda kwake akutsika naye limodzi popanda kumukhudza. Kasikuluwu kaja ndi kamene kamaonetsetsa kuti awiriwo afike pansi nthawi imodzi. Ukakapotoza pang'ono chabe, mmodzi amafika mnzake akadali m'mwamba, mpweya n'kumatuluka. Ine ndinatipotoza tonse kawirikawiri mpaka titakana. Chitolirocho chinapita ku Johannesburg ndi munthu wa pa basi, chinabwera patatha miyezi iwiri, ndipo theka la ndalama yokonzetsera inatuluka m'thumba mwanga. Mpaka lero bambo aja akamadutsa pamsika amandifunsa ngati ndamanga chiyani lero.

Manyazi amenewo ndi amene anandichititsa kuphunzira pang'ono, ndiye ndikuuzeni zimene munthu angachite yekha osawononga. Sipuling'i ya pa chitoliro si yopotana ngati ya mu bolopeni, ndi kawaya kowongoka ngati singano, kotuluka pa kamzati n'kukakola kuseri kwa kachitsulo kakang'ono pa kiyi. Jambulani chithunzi ndi foni musanakhudze chilichonse, kenako yerekezani kiyi wolendewerayo ndi mnzake woyandikana naye. Mukaona kawaya kali pambali osakola kanthu, ndi kameneko. Tengani singano yolukira kolosheti, yaing'ono kwambiri, mukole kawayako n'kukakankhira mofatsa kuseri kwa kachitsulo kake. Musakapinde, ndipo samalani chala, kamabaya ngati munga wa mthethe.

Pofuna kudziwa padi imene ikutaya mpweya, fufuzani kaseti yakale m'kabati ya makolo, mudule kachidutswa ka tepi yake. Kaikeni pakati pa padi ndi bowo, mutseke kiyi mopepuka monga mumadinira poimba, n'kukoka pang'onopang'ono. Chitani zimenezi kutsogolo, kumbuyo, kumanja ndi kumanzere kwa padi iliyonse. Paliponse pazimveka kugwira kofanana. Pamene tepi yangotuluka yokha osagwira, mpata uli pamenepo. Madala aletsa kukoka pepala, n'zoona, koma iwo akunena za kukwecha padi modina mwamphamvu, pamene tepi ndi yoterera ndipo apa chala chimangokhudza. Njira ina ndi ya tochi. Lowetsani kagetsi kakang'ono m'thunthumo usiku, mdima kuno sitiusowa, mutseke makiyi n'kuona pamene kuwala kukutulukira m'mphepete.

Mukapeza padi yong'ambika musayese kumata kapena kusintha nokha. Mafuta a mashini osokera, a njinga kapena ophikira musadonthezere pa makiyi. Makiyi amafunadi mafuta, koma ndi kadontho kosaoneka n'komwe, ndipo ndi ntchito ya wokonza akamachitsuka chonse, kamodzi pa chaka kapena pa zaka ziwiri.

Wosema Ziboliboli, njira ya Ku Chawe

Zikomo mayi. Ine za nyimbo ndilibe nazo mawu, mwana wanga ndi amene wandiwerengera nkhaniyi, koma pa mtengo wakudawo ndingathandizepo. Ngati pikoloyo ndi yolemera kuposa mmene ikuonekera, ndipo mukaiyang'ana poyera kuda kwake kukupita kofiirira pang'ono, ameneyo ndi phingo. Opanga zoimbira kunja amamutcha grenadilla kapena African blackwood, ku Tanzania amati mpingo, a zankhalango amati Dalbergia melanoxylon, koma ndi phingo yemweyu ife timasemera njovu. Wambiri amene amapita kunja kukapanga mapikolo, makilaneti ndi ma oboe amachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Ndiye mwina mtengo wa pikolo yanuyo unamera kutsidya kwa malire komweku, n'kukazungulira dziko, lero wabwerera kufupi ndi kwawo. Amakula mochedwa zedi, woti n'kudula amatenga zaka 70 kapena kuposa. Kunja kwake ndi koyera, mtima wake ndi wakuda, ndipo chidutswa chake mukachiponya m'madzi chimamira.

Phingo ndi wolimba koma sakonda kudzidzimutsidwa. Ife tikasema chinthu ndi mtengo wosauma bwino n'kuchiyala padzuwa la Okutobala kudikira alendo, pofika madzulo timachipeza chayasama. Kunja kumauma msanga n'kufota, mkati mukadali monyowa, ndiye pena pake payenera kutseguka basi. Pikolo yanu yagona zaka m'bokosi ku Johannesburg, komwe nthawi yozizira kumauma kwambiri, kenako inu mwaithira mpweya wofunda wonyowa m'mimba. Mkati mwatupa, kunja sikunasunthe. Ndi nkhani yomweyo, yangoyambira mbali ina.

Kusiyanitsa n'kosavuta. Mizere ya mtengo imakhala yaifupiifupi, yodukaduka, ndipo ili paliponse. Mng'alu umakhala umodzi, umayambira kumapeto kapena pa bowo, n'kuyenda motsata utali wa mtengo. Dutsitsanipo chikhadabo mopingasa, mofatsa. Chikakodwa, ndi mng'alu. Lembani kadontho ka pensulo pamene wathera, muzionapo m'mawa uliwonse ngati wadutsa kadonthoko.

Ife ming'alu timatseka ndi supa guluu wosakaniza ndi fumbi la phingo, n'kupala ndi sandipepala, n'kupaka polishi wa nsapato, mlendo osazindikira. Koma musatengere ife. Njovu yosema siimba.

Madala a Bandi, Mpondabwino

Ndabwera, magalasi ndawapeza anali m'thumba la jekete. Bambo osema anena bwino kuposa mmene ndikananenera ine, ndipo mnyamata wa mafoni ndamukhululukira chifukwa waulula yekha.

Pikolo yanga inang'aluka pa perete wa m'mawa mwezi wa Julayi, chiperoni chili m'kati, nkhungu itatsika kuphiri mpaka osamuona bwino woima mzere wakutsogolo. Tinaima pabwalo kuyambira 6 koloko, pikolo ili m'dzanja, yozizira ngati msomali. Chizindikiro chitaperekedwa ndinauzira ndi mphamvu zonse, ndipo tisanamalize kuguba ndinamva ka "tse" pansi pa mlomo, mawu n'kusasa pomwepo. Mkulu wa bandi sanandikalipire. Anangoiyang'ana, n'kundiyang'ana ine, nati, "Uli ndi nkhwapa ziwiri, sunagwiritse ntchito ndi imodzi yomwe." Kuyambira tsiku limenelo pikolo yamtengo ndimayamba ndaifunditsa m'khwapa kapena m'kati mwa jekete mpaka kunja kwake kutafunda. Kuifunditsa pouziramo mpweya ndiye kuipha kumene, chifukwa ukutenthetsa mkati kunja kukadali kozizira. N'chifukwa chake oguba panja amakonda zapulasitiki kapena zachitsulo, monga Yamaha YPC-32 ija ya thunthu lapulasitiki ndi mutu wachitsulo, zamtengo n'kuzisungira m'nyumba.

Chikhadabo chikakodwa, musaiimbe ndipo musapake mafuta alionse pa mng'aluwo, chifukwa mafuta akalowamo guluu wa wokonza sagwiranso. Ikulungeni ipite kwa odziwa. Mng'alu wogwidwa msanga umakonzeka bwinobwino. Ngati si mng'alu, muiyambe ngati mwana wophunzira kuyenda, mphindi 10 kapena 15 patsiku masabata oyamba, n'kumaonjezera pang'onopang'ono, kupukuta mkati nthawi iliyonse. Mabowo ake ndi ang'onoang'ono, kadontho kamodzi ka madzi kamatseka bowo noti n'kumalira ngati chule, ndiye pepala la fodya lija muziyenda nalo. Mtengowo umafuna mafuta kawiri kapena katatu pa chaka, a almond a ku famase, dontho limodzi pa kansalu, mkati mutauma, mutayamba mwaika timapepala pansi pa mapadi. Ophikira ayi, amavunda n'kuyamba kunanda. Padzuwa, pawindo, pafupi ndi mbaula kapena m'galimoto yotseka musaisiye.

Pali pamene pikolo imasiyana ndi chitoliro, musasokoneze. Polumikizira pake, ngati pali cork, chija chimatsekera mabotolo a vinyo, pamenepo girizi amafunika, wake weniweni amene amabwera m'kachubu ngati kopaka milomo, pang'ono pokha pakayamba kulimba. Timapaketi toyamwa chinyontho tija timabwera m'mabokosi a nsapato mukhoza kuika kamodzi m'bokosi la chitoliro chachitsulo nyengo ya mvula ino, koma m'bokosi la pikolo yamtengo ayi, tiumitsa mtengo mopitirira.

Ndinaiwala china pa chitoliro chachikulucho. M'mutu mwake, kumtunda kwa bowo louzira, mulinso cork yotseka. Iyenera kukhala pafupifupi mamilimita 17 kuchokera pakati pa bowolo. Simufunika rula, kandodo kopukutira kaja kali ndi mzere kumapeto kwake. Kalowetseni m'mutumo mpaka kagunde, ndipo mzerewo uonekere pakatikati pa bowo. Kachipewa kotseka kumapeto kwa mutuwo anthu amakonda kukapotoza akamacheza, osadziwa kuti kukamanga kumakokera cork kumtunda, kenako manoti a m'mwamba ndi a m'munsi amasiya kugwirizana. Ngati yakwera, masulani kachipewako pang'ono n'kukakankhira mkati mofatsa mpaka mzere ufike pakati. Muyesenso kutseka bowo louzira ndi chala n'kuyamwa kumapeto kotseguka. Kukagwira mlomo ndiye kuti cork ili bwino, mpweya ukamalowa ndiye kuti yafota, ikufunika ina.

Ana anuwo sakunama za makutu. Mukadzayamba kuiimba pikoloyo muzitseka khutu lamanja pophunzira. Langa limamva theka, ndipo mayi akunyumba amadziwa mbali yokhala akafuna kundinena ndili pomwepo.

Wa Kwaya ku Matawale

Madala, bambo osema, achimwene a mafoni, ndathokoza kwambiri. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndiyambe ndayesa.

Kiyi wolendewera uja analidi mmodzi mwa awiri akumtunda. Nditadula kalabala ndinaona kawaya kali pambali monga munanenera. Singano ya kolosheti ndinabwereka kwa mayi oyandikana nawo nyumba, anabwera nayo okha kuti adzaone chimene mphunzitsi akufuna kuluka pa chitsulo. Ndinalephera kanayi, manja akunjenjemera, kachisanu ndinamva "ti", kiyi n'kutseka yekha. Ndauzira D, watuluka wonenepa mpaka mwana wanga wamng'ono anathamanga kuchokera kukhitchini. Vaseline ndachotsa, kansalu kanada ngati ndapukuta poto, ndipo mutu ukulowa bwino tsopano popanda kanthu. Kumata kwachepa, kiyi mmodzi yekha ndi amene akadali ndi ka "tcha" kake. Tiyi wa pa pulakatisi ndamusunthira kumapeto, ana akudandaula.

Mzere wa pa kandodo sunali pakati, unali chakumtunda. Nditafunsa ku kwaya, atsikana awiri anayang'anana n'kuulula kuti amasewera ndi kachipewa kaja ndikatuluka kukalankhula ndi abusa. Ndabwezera. C wa m'munsi yekha ndi amene akufunabe kudina mwamphamvu, ndipo tepi ya kaseti yandionetsa chifukwa chake: padi ina kuphazi ili ndi mbali yodyeka, kachikopa kanatukuka, ubweya ukuoneka. Mwina mphemvu za azakhali zinayamba kale ntchito. Sindikhudza. Brasso mchimwene wanga wapukutira chogwirira cha chitseko, akuti asabwerere nayo osagwira ntchito.

Pikolo chikhadabo chakodwa. Ndalemba kadontho ka pensulo, masiku anayi tsopano mng'alu sunadutsepo. Ndaikulunga, ipita ndi msuweni wanga Pasaka ikatha, pamodzi ndi chitoliro kuti akasinthe padi ija.

Dzulo ndinawaimbira foni azakhali kuwafotokozera zonse, mtima uli m'mwamba poopa kuti akhumudwa. Nditafika pa nkhani ya nkhwapa ya madala anakhala chete kanthawi, kenako anati malemu nthawi yozizira ankayenda ndi pikoloyo m'thumba la m'kati la jekete kuchokera kunyumba mpaka kutchalitchi, bokosi lili lopanda kanthu m'manja, ndipo zaka zonsezi iwo ankaganiza kuti amaopa akuba a mu sitima.

Nyimbo ya malemu ija ndaiyang'ana bwinobwino usiku. Sitsika kupyola D.